Ana akapempha kuti muwaphunzitse majiki, muwayankhe bwanji?

Sabata yatha ndidalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Mchinji, dzina ndalisunga. Iyeyu amachita masewera a majiki m'masukulu a pulayimale ndi pamaukwati, kuyambira pa Boma mpaka ku Kamwendo ndi ku Mkanda. Funso lake nali: "Ndikangomaliza kusewera, ana amandiunjirira kuti ndiwaphunzitseko kamodzi kokha. Aphunzitsi ena nawonso amapempha. Koma bambo amene adandiphunzitsa adandilumbiritsa kuti ndisadzaululire munthu. Ndikakana, ana amachoka atakhumudwa, ena n'kumanong'onezana kuti ndine wokhwima. Ndikavomera, ndikuopa kuti ndidziphera ndekha msika. Nditani?"

Achimwene, aphunzitseni. Koma pali kaphunzitsidwe kake, ndipo pali zina zoti musazikhudze n'komwe.

Ndiyambe ndi zomwe zidandichitikira ine. Zaka zomwe ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya kumudzi kuno ku Kasungu, ndinkakonda kusangalatsa ana ndi timasewera ta m'manja Lachisanu masana, tikamaliza kusesa. Tsiku lina ndidasowetsa chitsekerero cha botolo m'dzanja, n'kuchitulutsa kukhutu kwa mnyamata wina wa Sitandade 6. Kalasi lonse lidaphulika. Adandichonderera, ine n'kugonja, ndipo ndidawaonetsa pomwepo, pamaso pa onse, momwe chitsekererocho chimatsalira m'dzanja lomwe iwo akuyesa kuti ndi lopanda kanthu. Phokoso lidatha nthawi yomweyo. Mtsikana wina amene ankakhala kutsogolo adangoti, "Basi? Ndi zomwezo?" Nkhope yake ndimaikumbukirabe. Mphindi zapitazo adali ataona chodabwitsa, tsopano adadziona ngati wopusitsidwa. Palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene adaphunzira kuchita sewerolo tsiku limenelo. Adangodziwa pamene pali chinsinsi, ndipo nkhani idayenda kumjigo ndi kuchigayo, moti patapita masabata awiri, nditakasewera pasukulu yoyandikana nayo, ndisadafike n'pakati pomwe ana adayamba kukuwa kuti, "Chili kumanja! Chili kumanja!"

Kumeneko kudali kuulula. Kuphunzitsa ndi kwina. Woululiridwa amachoka ndi yankho lokha, ndipo yankho la majiki nthawi zambiri limakhala laling'ono mochititsa manyazi: chala chopindika, thumba lobisika, maso a anthu otembenuzidwira kwina. Wophunzitsidwa amachoka ndi ntchito m'manja. Amakayeserera, amalephera, amayeserera kachiwiri, kenako amakadabwitsa agogo ake madzulo pakhonde. Mwana woteroyo sakuwa pakati pa sewero lanu, chifukwa tsopano akudziwa kuwawa kwake munthu akakuonongera.

Nchifukwa chake ndimati khalani ndi sewero limodzi lopatsa. Lisakhale mwa masewera omwe mumadyera. Likhale laling'ono, lotheka ndi zinthu zopezeka paliponse, komanso lofuna kuyeserera pang'ono kuti mwana alilemekeze. Langa ndi la kamphira kodumpha zala, ndipo ndilifotokoza pano chifukwa limapezeka kale m'mabuku ambiri a ana oyamba kumene majiki. Mumatenga kamphira kaja amamangira ndalama a pa Airtel Money ndi Mpamba. Mumakaveka pa zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, n'kukatsitsa mpaka patsinde. Kumbuyo kwa dzanja kumayang'ana anthu. Mumakakoka ndi dzanja linalo ngati mukuonetsa kuti n'kolimba, ndipo pamene mukufumbata, nsonga za zala zonse zinayi zimalowa mkati mwake. Kwa oonerera kamaoneka kuti kakadali pa zala ziwiri zija. Mukangotambasula dzanja, kamadumphira pa zala ziwiri zinazo. Mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amakagwira m'mphindi zochepa. Chovuta n'kulowetsa zala mosaonetsa, ndipo pamenepo mpamene pagona phunziro lenileni.

Musaphunzitse pabwalo pomwe mwangosewera, anthu akadali odabwa. Auzeni kuti, "Amene akufunadi kuphunzira, andipeze pansi pa mtengo uja tikaweruka." Mudzaona kuti mwa ana ambirimbiri amene amakuwa aja adzabwera owerengeka, chifukwa ambiri amangofuna kuchotsa kuyabwa kwa mumtima, ndipo kumatha pakapita kanthawi. Obwerawo apatseni aliyense kamphira kake. Musachite inu iwo akuonerera, agwireni zala. Kenako aliyense achite pamaso pa anzake mpaka atakhoza. Ine ndimawapatsanso malamulo awiri: usachite kawiri kwa munthu mmodzi nthawi imodzi, ndipo usauze munthu amene sakufuna kuphunzira. Pa sukulu ija, mtsikana yemwe uja adati "basi?" ndi amene adadzakhala katswiri wa kamphira. Ankayamba wakafunsa mnzake kuti auzire mpweya padzanja, ndiye kamphira kadumphe. Zouzira mpweyazo sindidamphunzitse ine, adaziganiza yekha.

Za msika musade nkhawa kwambiri. Anthu sakulipirani chifukwa cha chinsinsi chokha. Zinsinsi zambiri zili kale pa YouTube, ndipo mnyamata aliyense wokhala ndi foni ndi bandulo atha kuzipeza. Kuchokera mu 1997 wailesi ya kanema ya Fox ku America idaonetsa munthu wovala chigoba akuulula masewera akuluakulu a pasiteji, ndipo amajiki ambiri adakwiya kuti ntchito yatha. Sidathe. Penn ndi Teller, amajiki otchuka a ku America komweko, amachita sewero lakale la makapu ndi timipira pogwiritsa ntchito makapu oonekera mkati, anthu n'kumaona zonse, komabe amaomba m'manja chifukwa cha kuthamanga ndi ukhondo wa manja awo. Chomwe anthu a ku Mkanda amakuitanirani ndi mawu anu, nthabwala zanu, momwe mumamuitanira mwana wamanyazi kutsogolo n'kumusandutsa mfumu ya tsikulo. Zimenezo kamphira sikangakulandeni.

Tsopano ndifike pa mawu omwe adandigwira mtima m'kalata yanu, akuti ana amanong'onezana kuti ndinu wokhwima. Apa mpamene funso lanu likusiyana ndi la wamajiki wa ku London. Kumeneko munthu akasowetsa ndalama m'dzanja, oonerera amadziwa kuti ndi luso. Kwathu kuno mawu akuti matsenga amanyamula zonse pamodzi, sewero ndi ufiti womwe. Wogulitsa pamsika ndalama zikapanda kukwana madzulo, ganizo loyamba limakhala chitaka. Ndipo mphekesera zotere zimapha. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba adaphedwa powaganizira kuti adatumiza mphenzi yomwe idapha mtsikana wa m'mudzimo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kummwera. Inu mumayenda nokha panjinga, mlendo m'midzi ya eni, mutanyamula chikwama chodzaza zinthu zosadziwika. Mwana akadwala usiku wa tsiku lomwe mudamutulutsa dzira m'thumba, mukuganiza kuti adzaloza yani?

Nchifukwa chake kwa ine kuphunzitsa kasewero kamodzi si chifundo chabe. Ndi chitetezo chanu, komanso ndi mphatso kwa mudziwo. Mwana amene wadumphitsa kamphira ndi zala zake wadziwa m'thupi mwake kuti chinthu chingathe kuoneka chosatheka koma chili ndi njira yake. Tsiku lina akadzamva kuti agogo akutiakuti amauluka pa lichero, mwina adzayamba wafunsa. Ganizo limeneli si lachilendo m'mbiri ya majiki. Limodzi mwa mabuku oyambirira a Chingerezi ofotokoza momwe masewerawa amachitikira ndi The Discoverie of Witchcraft, lomwe Reginald Scot adatulutsa mu 1584. Cholinga chake sichidali kuphunzitsa amajiki ayi. Nthawi imeneyo ku Ulaya amayi okalamba osauka ankazengedwa milandu ndi kuphedwa powanamizira ufiti, ndipo Scot adalongosola masewera a ndalama, timipira ndi makadi pofuna kuonetsa kuti zambiri zomwe anthu ankaziopa zidali luso la manja. Patadutsa zaka mazana atatu ndi kuposerapo, wamajiki wotchuka wa ku America, Harry Houdini, naye adathera mbali ya zaka zake zomaliza, asadamwalire mu 1926, akuyalutsa anthu omwe ankadyera amasiye ndalama ponama kuti amayankhula ndi mizimu ya akufa.

Choncho musanayambe sewero lililonse, nenani poyera: "Zomwe muone pano ndi zamanja. Mulibe mankhwala, mulibe mizimu. Ndidachita kuphunzira monga momwe mnzanu amaphunzirira kupalasa njinga." Ndikudziwa kuti amajiki ena amakonda kudzionetsa ngati okhwima, kuvala mikanda ndi kutchula mayina a kutali, poti mantha amakoka anthu. Ndikupemphani, musatsate njira imeneyo. Ngakhale lamulo la dziko lino la zaufiti, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1911, limaletsa zonse ziwiri: kuloza munthu kuti ndi mfiti, ndi kudzionetsa kuti uli ndi mphamvu zaufiti. Ndipo tsiku lina mukadzaona kuti anthu achitadi mantha, kapena ayamba kuloza zala mwana amene adakuthandizani kutsogolo, musadzadikire za pansi pa mtengo. Tsegulani dzanja pomwepo, aonetseni zonse, ngakhale likhale sewero lanu lokondedwa. Palibe chinsinsi cha majiki chomwe chingalingane ndi moyo wa munthu.

Chimodzimodzi ndi anyamata a wachiona ndani m'misika ndi m'madepoti. Luso lawo ndi lomweli lathuli, koma iwo amabera nalo alimi ndalama za fodya ndi mtedza nthawi yogulitsa. Munthu akakufunsani momwe amabera, muuzeni mosabisa, kuphatikizapo zoti amene amaoneka akupambana aja kawirikawiri amakhala anzawo.

Akuluakulu opempha paukwati ndi nkhani yaifupi. Ambiri amafunsa mongocheza, ena atalawako. Sekani nawo, muwauze kuti, "Bambo, ndikakuuzani ndiye kuti mawa ana anga agona ndi njala," n'kuwachitira kasewero kena. Mphunzitsi wopempha moona mtima mpatseni kamphira, adzakafikitsa kwa ana ambiri kuposa inu.

Chatsala ndi lumbiro lija, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Ife a ku Kasungu ndi ku Mchinji timadziwa kulemera kwa chinsinsi. Tidakulira pakati pa Gule Wamkulu, ndipo aliyense amadziwa kuti za kudambwe sakambira pamsika. Za majiki sizilemera choncho, komatu mawu omwe mudapereka kwa munthu wamkulu ndi mawu ndithu. Amajiki a kunja nawonso amalumbira. Bungwe la The Magic Circle, lomwe lidayamba ku London mu 1905, lili ndi mwambi wa Chilatini wotanthauza kuti mamembala ake saulula zinsinsi, ndipo lidafika pochotsa David Devant, pulezidenti wake woyamba, chifukwa chosindikiza zinsinsi m'magazini ya anthu wamba. Koma amajiki omwewo amalemba mabuku a ophunzira ndi kutsegula sukulu. Ku Cape Town kuli College of Magic, yomwe idayamba mu 1980, ndipo imaphunzitsa ana, ambiri ochokera m'makomboni osauka. Chomwe amakana ndi kumwaza zinsinsi kwa anthu ongofuna kudziwa. Kulera wophunzira sakana, chifukwa popanda zimenezo lusoli likadafa kalekale. Bambo amene adakulumbiritsaniwo nawonso adakuphunzitsani, ndipo iwonso alipo amene adawaphunzitsa.

Ndiye masewera omwe adakupatsani iwowo asungeni monga mudalonjezera. Si anu nokha, ndi chakudya chawonso, ndi cha ena amene adawaphunzitsa. Kamphira aka sikadachokere kwa iwo, mwakatenga kwa ine, ndipo ndakupatsani kuti mupatse ena. Komabe ngati akadali moyo, kawaoneni musanayambe. Tengani paketi ya shuga, mukhale nawo pansi, muwauze za ana aja ndi za manong'onong'o aja, ndipo muwafunse kuti iwo ankatani ana akawapempha. Mwina adzakuonetsani kasewero kena kopatsa komwe adakasunga zaka zonsezi. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kumva zomwe adzanene.