Sipinachi akakana m'dimba mwanu: mayankho a alangizi

Funso: Alangizi, sipinachi wanga akungothamangira kuchita maluwa masamba asanakule n'komwe. Kodi anandigulitsa mbewu yoipa?

Ayi bambo, mbewuyo musaiimbe mlandu. Sipinachi ndi mbewu ya nyengo yozizira, ndipo amakula bwino kutentha kukakhala pakati pa madigiri 15 ndi 20. Kukatentha kwambiri, usana n'kutalika, iye amasiya kupanga masamba n'kutulutsa phesi la maluwa. Timasamba totsalato timakhala tating'ono ndiponso towawa. Zikafika pamenepo, ngakhale muthirire m'mawa ndi madzulo, ngakhale muwonjezere manyowa, sabwereranso.

Ine ndimati musalimbane ndi dzuwa. Kukatentha fesani bonongwe, yemwe kutentha ndiye kwawo. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri, choncho zisakanizeni ndi mchenga wouma kuti zisagwere pamodzi, ndipo musazikwirire mozama. Pakatha masabata 4 mpaka 6 mwayamba kuthyola. Muzitsina nsonga zokha, chifukwa pamene mwatsinapo pamaphuka nthambi zina.

Ngati mukufuna tsamba lofanana kwambiri ndi sipinachi mumphika, dzalani Swiss chard, uja wa masamba aakulu okwinyikakwinyika ndi mapesi oyera kapena ofiira. Ndi mtundu umodzi ndi bitiruti, ndipo amapirira kutentha kuposa sipinachi. Muzithyola masamba akunja, mtima muziusiya. Bedi limodzi lidzakudyetsani miyezi ingapo. Repu, mpiru ndi chayinizi nazo zimakonda nyengo yozizirirapo. Zitatuzi ndi za banja la kabichi, tizilombo take n'timodzimodzi, choncho musazitsatanitse pa bedi limodzi.

Funso: Ndinamva kuti sipinachi ndiye amawonjezera magazi. Masamba enawa angafikepo?

Mayi, angafikepo ndithu. Ayironi, yemwe thupi limapangira magazi, alimo m'masamba ambiri obiriwira kwambiri, ndipo bonongwe sachepekedwa naye. Nkhani yagona poti ayironi wa m'masamba salowa m'thupi mosavuta. Chimene chimamuthandiza ndi vitamini C: tomato mumphika, kapena madzi a ndimu pamwamba mutaphula. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironiyo, ndiye musamamwe nthawi yomweyo ya chakudya.

Palinso china chimene ambiri sachidziwa. Sipinachi, Swiss chard, bonongwe ndi masamba a bitiruti ali ndi oxalate wambiri, yemwe amagwira kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa, kuti thupi lisamutenge bwino. Repu, mpiru ndi chayinizi zili ndi oxalate wochepa, motero kashiamu wake amalowa bwino. N'chifukwa chake ndimakonda kuona mabedi a magulu onse awiriwa m'dimba limodzi. Amene anadwalapo timiyala ta mu impso afunse kuchipatala asanazolowere masamba a oxalate wambiriwo.

Funso: Masamba anga akapsa amada n'kukhala phalaphala. Ndimalakwitsa pati?

Mwina mumathira madzi ambiri n'kuwasiya pamoto nthawi yaitali. Tsukani masamba musanawadule, osati mutawadula, kuopa kuti zofunika zingapite ndi madzi. Kenaka yang'anani tsamba lomwe lili m'manja mwanu. Bonongwe wanthete ndi nsonga za kholowa zimapsa m'mphindi 3 mpaka 5, ndipo madzi otsalira pa masamba potsuka aja amakwanira. Swiss chard muzimulekanitsa: mapesi alowe poyamba, masamba atsatire mapesiwo akayamba kufewa. Mukaponya zonse pamodzi, mupeza masamba asungunuka mapesi akadali gwa. Nkhwani muyambe mwasadzula, kukoka ulusi uja kuchokera kuphesi mpaka patsamba. Repu ndi mpiru wokhwima zimafuna mphindi zoonjezera pang'ono. Phulani masamba akadali obiriwira. Akayamba kuda ndiye kuti mwachedwa.

Mafuta pang'ono musawaiwale, chifukwa vitamini A wochokera m'masamba amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Koma soda ndikukupemphani, musiyeni. Amafewetsadi msanga, koma amawononga vitamini C ndi vitamini B1, ndipo zimandiwawa kuona masamba olimidwa movutikira akutha ntchito pa mphindi yomaliza. Tsamba likakhala lolimba, lidulenidulenitu bwino kapena thyolani lanthete.

Funso: Nanga chigwada ndingachiphike mwachangu chonchi?

Chimenecho ayi. Masamba a chinangwa ali ndi zinthu zotulutsa poizoni wa cyanide. Asinjeni mpaka asalale, kenaka awire mokwanira mphika uli wosavundikira kuti poizoniyo atuluke ndi nthunzi. Osawalawa aawisi, ndipo ana musawapatse asanapse bwinobwino.