Kodi ankadya chiyani ulendo wonsewo?

Achimwene, mwafunsa ngati gulu la Lewis ndi Clark, lomwe linkafufuza madera a kumadzulo kwa dziko la America, linkadalira kamba wochoka naye kwawo pa ulendo wa 1804 mpaka 1806. Ayi ndithu, kwakukulu ankadya zosaka. M'zigwa za mtsinje wa Missouri njati zinali mbwee, agwape ndi nswala zikuluzikulu zotchedwa elk nazonso zosayamba, moti nyama ikachuluka munthu mmodzi ankatha pafupifupi makilogalamu 4 pa tsiku.

Chomwe chinawathetsa mankhalu ndi chimbalangondo cha grizzly. Eni nthaka anawachenjeza, koma iwo ankadzidalira ndi mfuti zawo za gogodera, zija zothira wonga ukawombera kamodzi. Mu May 1805, ku dera lomwe lero ndi Montana, alenje 6 anawombera chimbalangondo chimodzi, icho osagwa, n'kuyamba kuwathamangitsa mpaka ena anataya mfuti n'kudziponya mumtsinje. Pamapeto pake anachipha, ndipo pochisenda anapeza kuti zipolopolo 8 zinachilowa.

M'mapiri a Bitterroot nyama inasowa, anapha ana a akavalo awo. Atatsikira ku mtsinje wa Columbia ankagula agalu kwa anthu akumeneko. Lewis anaikonda nyamayo, Clark inamukanika.