Geni ya njinga za mapaipi awiri

Achimwene, mwafunsa kuti geni yopikula njinga ku Tanzania imayenda bwanji, komanso ngati n'kwanzeru kuyamba ndi zija za mapaipi awiri pamwamba pa felemu. Ndiyambe ndi mapaipiwo.

Paipi yachiwiriyo imalimbitsa kutsogolo kwa felemu, pakhosi pomwe pamalowa foloko. Munthu akapachika thumba la chimanga la makilogalamu 50 pafelemu, lina pakaliyala, n'kumatsika msewu wa mabampu, njinga imapotoka, ndipo mng'alu umakonda kuyambira pakhosipo. Mapaipi akakhala awiri amagawana mtolowo. N'chifukwa chake ogulitsa makala ndi nkhuni amazifuna, makamaka za felemu yaitali, ya mainchesi 24, poti yaitali ndiyo imagwedera kwambiri. Akawotcherera, ya paipi imodzi imadzathyokanso pambali pa chiwotcho.

Koma musanamize wakabaza kuti paipiyo imuthandiza kwambiri. Wokwera wake amakhala kumbuyo, ndiye zomwe zimavutika ndi masipoko, limu ndi kaliyala. Paipi yachiwiri imangomuwonjezera kulemera pachitunda. Amayi ovala chitenje nawonso saikonda. Ine m'katundu wanga za mapaipi awiri sizipitirira theka.

Njingazi sizipangidwa ku Tanzania. Hero ndi Avon ndi za ku Ludhiana ku India, Phoenix ndi ya ku Shanghai. Zimatsikira padoko la Dar es Salaam, ife n'kukaoda ku msika wa Kariakoo mumzinda womwewo zili m'makatoni, zosamanga. Musagule zomangamanga, zimadya malo m'lole. Tsegulitsani katoni pomwepo, muwerenge mapedulo, tcheni, ndodo za mabuleki ndi timabawuti, chifukwa mukazindikira muli ku Karonga kuti chishalo mulibe, palibe amene akakumvereni. Felemu muinyamule m'manja. Zilipo za mapaipi awiri koma chitsulo chake chopyapyala, chomata dzina lodziwika. Yotere imaposedwa ndi ya paipi imodzi yeniyeni.

Pobwera mumadzera ku Mbeya, Kyela, Kasumulu, n'kuwoloka pa Songwe. Pamenepo a MRA amafuna risiti. Ena adzakuuzani za ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, yochepetsera msonkho amalonda ang'onoang'ono. Siikukhudzani: ndi ya katundu wopangidwa m'maiko a bungwelo, ndipo Tanzania inatulukamo mu 2000. Funsani msonkho wake musananyamuke, muuphatikize ndi thiransipoti, malo ogona ndi ya mmisiri womanga. Mmisiriyo musamuumire, poti wilo lomangidwa mokhota limabweza kasitomala sabata yomweyo.

Mutu umawawa pa mashilingi. Kwacha ikagwa muli panjira, mtengo umene munawerengera kunyumba watha ntchito, choncho gulitsani poyang'ana ndalama imene mudzaodere ulendo wotsatira. Katundu afike cha mu Meyi, alimi akayamba kulandira za fodya ndi soya. Wa mu Januwale amangokhala m'shopu.