Ndikadula vidiyo ya kwaya, milomo ikusiyana ndi mawu

Funso: Ndimajambula makwaya ndi maukwati kuno ku Mzuzu. Zithunzi ndimajambula ndi foni, mawu ndimatenga pa mikisa, kenako ndimakonza pa laputopu ndi pulogalamu ya Premiere Pro. Ndikadula malo osafunika pamatsala mipata yakuda, ndipo nyimbo ikamafika kumapeto milomo ya oimba sigwirizananso ndi mawu. Ndikulakwitsa pati?
Wowerenga wa ku Chibavi

Yankho: Zikomo pofunsa. Za mipata yakuda n'zosavuta: mukadina Delete chidutswa chimachoka koma malo ake amatsala. Dinani Shift+Delete, zakutsogolo zidzasendera zokha n'kutseka mpatawo.

Nkhani yaikulu ndi ya mawuyi. Musadule kalikonse musanagwirizanitse mawu ndi zithunzi. Pojambula, wina awombe m'manja kamodzi patsogolo pa foni, pafupi ndi maikolofoni, ndipo mawu a foni musawafufute msanga ngakhale ali ndi phokoso, chifukwa ndiwo poyezera. Pa timeline (pomwe mumayalapo vidiyo ndi mawu m'mizere) sankhani vidiyo pamodzi ndi mawu a mikisa, dinani mbali ya kumanja ya mausi, sankhani Synchronize kenako Audio. Zikalumikizana zimangeni ndi Ctrl+L. Podula gwiritsani Ctrl+Shift+K, yomwe imadula mizere yonse nthawi imodzi. Ambiri amadula zithunzi zokha, mawu a mikisa n'kutsala osadulidwa, ndiye chisokonezo chimayambira pomwepo.

Tsono muonetsetse mmene kusiyanaku kukubwerera. Kukayamba mwadzidzidzi pamalo amene munadula, ndiye kuti mzere umodzi unasuntha wokha. Pa zidutswa zomangidwa pamodzi, Premiere imaonetsa nambala yofiira ya mafelemu (tizithunzi totsatizana topanga vidiyo) amene zasiyana. Musaipeputse: pa mafelemu 30 pa sekondi, atatu okha ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, ndipo pa nkhope ya woyambitsa nyimbo aliyense amaona.

Koma ngati poyamba zili bwino, n'kumasiyana pang'onopang'ono mpaka kumapeto, vuto ndi foni. Mafoni ambiri sasunga liwiro limodzi la mafelemu, makamaka m'tchalitchi mopanda kuwala kokwanira, pomwe chojambulira mawu chimayenda mosasintha. Apa kusuntha zidutswa ndi dzanja n'kutaya nthawi. Musanalowetse vidiyoyo mu Premiere, ipititseni mu HandBrake, pulogalamu yaulere: pa Video ikani Framerate pa 30, sankhani Constant Framerate. Mu Premiere, Sequence (timeline imene mukukonzerapo) ikhalenso ya 30. Ngati munajambula pa 25, zonse zikhale 25.

Pa nyimbo za kwaya, dulani pamene ng'oma yagunda kapena pamene oimba akupuma, osati pakati pa liwu. Kuzani timeline ndi batani la =, yendani felemu imodziimodzi ndi mivi ya kumanja ndi kumanzere, ndipo ikani chizindikiro ndi M musanadule. Auto Save, yosunga yokha ntchito yanu, muiike pa mphindi 5, kuti magetsi akazima batire ya laputopu ili yofooka musayambirenso kugwirizanitsa nyimbo yonse.