Aphunzitsi, mikangoyo isiyeni

Mayi wina wophunzitsa sitandade 3 wanditumizira imelo. Akufuna kuphunzitsa za circus (chionetsero cha anthu ochita zaluso ndi zoseketsa, nthawi zina pamodzi ndi nyama zophunzitsidwa) pa Expressive Arts, koma palibe mwana anaionapo, kalasinso ndi yodzaza mpaka pakhomo. Ndiye akuti mwina angowajambulitsa mikango ndi njovu. Aphunzitsi, pepani, ine apo ndakana.

Ku pulayimale ndinkakhala desiki imodzi ndi mnyamata wina amene masamu ankamuzunguza mutu. Powerenga ankachita chibwibwi, ndipo tsiku lotsekera sukulu dzina lake linkamveka kumapeto anthu atatopa kale kuwomba m'manja. Koma belu la buleki likangolira, ankapisira malaya m'kabudula, kulavulira m'manja, n'kuima chadodolido. Ankayenda ndi manja kuchokera pamtengo wa mango mpaka pamjigo, mapazi ong'aluka ali m'mwamba, ife tikumuwerengera mokuwa. Akatola mango atatu osapsa ankawasinthanitsa m'malere osagwetsa ngakhale limodzi, uku akuimba mluzu. Tsiku lina aphunzitsi ena anamupezerera n'kumukwapula, akuti kusukulu si kumasanje. Sanafike sitandade 8. Mpaka lero zimandinyansa, chifukwa chinthu chimodzi chokha chimene ankatiposa tonse n'chimene anamukwapulira.

Pamene ku Lusaka, anyamata okulira ku Chibolya, komboni imene ambiri amaiopa, anayambitsa Circus Zambia mu 2015 ndi luso lomweli. Ku Cape Town kuli Zip Zap, sukulu ya circus imene inayamba mu 1992, ndipo ana amaphunzira ulere. Ife kuno timakwapula.

Za nyamazo, ngakhale eni ake akuzisiya. Circus ya ku America yotchedwa Ringling Bros. and Barnum & Bailey inasiya kuvinitsa njovu mu 2016, inatseka mu 2017, ndipo pobwerera mu 2023 inabwera yopanda nyama. Ku England lamulo linaletsa nyama zakutchire m'ma circus oyendayenda kuyambira 2020. Tsono ife tiziphunzitsiranji mwana kuti njovu ntchito yake ndi kuima pakampando? Njovu akaione ku Liwonde ikuthyola nthambi.

Ndikudziwanso kuti wina akuuzani kuti mungotenga chitsanzo cha makanja, poti nawo amaoneka ataliatali ngati anthu a ku circus oyendera pamitengo italiitali aja. Musayerekeze. Gule wamkulu ali ndi eni ake ndi malamulo ake, si chionetsero choti ana aziyeserera m'kalasi. Mudzaitanidwa kwa amfumu, ndipo ine sindidzakuikirani kumbuyo.

Nanga muchite chiyani?

Tulukani panja. Circus yamakono inayamba ndi Philip Astley, msilikali wa pakavalo, ku London mu 1768. Iye ankathamangitsa kavalo mozungulira ali chiimire pamsana pake, chifukwa kuzungulirako kumathandiza munthu kuti asagwe. N'chifukwa chake bwalo la circus ndi lozungulira, ndipo mulingo wake unakhazikika pa mafiti 42, pafupifupi mamita 13 kuchoka mbali ina kufika ina. Khomani chikhomo pakati pa bwalo, mangani chingwe cha mamita 6 ndi theka, ana akoke n'kulemba mzere ndi phulusa. Masamu mwaphunzitsa kale pamenepo, iwo osadziwa.

Kenako agaweni m'magulu. Ena apange timipira tachikulunga ndi majumbo, ayambe kuwakha kamodzi, kenako tiwiri. Titatu musawakakamize, akuluakulufe timatikanika. Atsikana a fulaye adzakudabwitsani apa. Ena ayende pachingwe chogoneka pansi atasenza buku pamutu. Ena akhale oseketsa anthu popanda kuyankhula, bola asanyoze mnzawo wolumala kapena wachibwibwi. Wolongolola wa m'kalasi mwanu uja, amene mumamulemba pa oyambitsa phokoso, mupatseni ntchito yolengeza amene akubwera m'bwalo. Otsala aombe zigubu.

Zokwerana pamapewa ndi zoima ndi mutu musalole pasimenti kapena pamiyala. Zichitikire pakapinga kapena pamchenga, inu muli pomwepo, ndipo ana asasanjikizane kupitirira awiri.