Mafunso a Owerenga: Kodi Kiyi Yotchipa ya Windows Ndi Yovomerezeka?

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno akukhudza nkhani imodzi, ya mmene munthu angapezere laisensi ya pulogalamu yoyendetsa kompyuta, imene pa Chingerezi amati operating system, popanda kuwononga ndalama zambiri komanso popanda kuphwanya lamulo. Makalatawa tawafupikitsa kuti malo akwane.

Funso: Akonzi, mwezi watha ndinagula kiyi ya Windows 11 Pro pa tsamba lina la pa intaneti, pa mtengo wosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa ku Microsoft. Wogulitsayo ananditumizira kiyiyo pa imelo, ndinailowetsa, ndipo kompyuta inavomera. Mnzanga wina wa kuntchito akuti ndaba mosadziwa. Kodi ngati kompyuta yavomera kiyi, si ndiye kuti laisensi yanga ili bwino?

Yankho: Ndiyambe ndi kukuchotsani nkhawa imodzi. Munthu amene wagula chinthu ndi mtima woona, nalipira ndalama imene anauzidwa, sitingamutche wakuba. Komabe mnzanuyo wakhudza mfundo yeniyeni, chifukwa kiyi ndi laisensi si chinthu chimodzi. Kiyi ndi zilembo ndi manambala 25 aja, olembedwa m'magulu asanu, amene kompyuta yanu imatumiza ku makina a Microsoft kuti aone ngati nambalayo ilipodi ndiponso ngati sinagwiritsidwe ntchito mopyola muyeso. Laisensi ndi chilolezo chimene kampani imapereka kwa munthu kapena bungwe linalake potsata mfundo zolembedwa. Makina aja amatha kuzindikira kuti kiyi ndi yeniyeni, koma alibe njira yodziwira ngati wogulitsayo anali ndi ufulu woigulitsa kwa inu. Kiyi ya nyumba ya eni imatsegula chitseko bwinobwino ngakhale ili m'manja mwa munthu amene eni nyumbayo sakumudziwa.

Malaisensi a Windows amafika kwa anthu kudzera m'njira zitatu zikuluzikulu. Pali ya Retail, imene munthu amagula payekha kwa Microsoft kapena kwa wogulitsa wovomerezeka. Iyi ndiyo yodula kuposa zonse, koma ubwino wake ndi wakuti mukhoza kuisamutsira pa kompyuta ina bola mwaichotsa pa yoyambayo. Pali ya OEM, imene makampani opanga makompyuta monga Dell, HP ndi Lenovo amaika pa makina awo asanawagulitse, ndipo imeneyi imakhala pa kompyuta imene inabadwirayo mpaka kompyutayo itatha ntchito. Ndiye pali ya Volume, yogulitsidwa kwa makampani, masukulu ndi maboma amene amagula zambiri pakamodzi, ndipo ndi bungwe lokhalo limene linasaina mgwirizano limene lili ndi ufulu woigwiritsa ntchito.

Makiyi otchipa mopitirira muyeso nthawi zambiri amadontha kuchokera m'njira zimenezi. Kiyi imodzi ya Volume ya mtundu wa MAK imatha kutsimikiza makompyuta ambiri, choncho munthu wosakhulupirika akaipeza amaigulitsa kwa anthu ochuluka mpaka chiwerengero chake chitakwana kapena Microsoft itaitseka. Makiyi ena amachokera kwa olemba mapulogalamu olembetsa ku Visual Studio, chida cha Microsoft cholembera mapulogalamu, amene amapatsidwa makiyiwo kuti aziyesera ntchito zawo, osati kuti azigulitsa. Ena anachotsedwa pa makompyuta otha ntchito, ena anagulidwa m'mayiko amene mitengo yake ndi yotsika, ndipo alipo ena amene anagulidwa ndi makadi a banki obedwa. Amenewa ndiwo amandipweteka mtima kwambiri, chifukwa kuseri kwa kutchipako kuli munthu wina amene anataya ndalama zake.

Mukhoza kufufuza nokha mtundu wa kiyi imene munagula. Tsegulani Command Prompt, lembani slmgr /dli, ndipo pakabokosi kamene katuluke muona mawu akuti RETAIL, OEM_DM, VOLUME_MAK kapena VOLUME_KMSCLIENT. Mukaona mawu akuti VOLUME pa kompyuta ya panyumba imene sinachokere ku bungwe lililonse, dziwani kuti laisensiyo si yanu. Lembaninso slmgr /xpr kuti muone ngati chitsimikizocho ndi chamuyaya kapena chili ndi tsiku lothera, pakuti cha mtundu wa KMS chimakhala masiku 180 okha ndipo chimafuna kukonzedwanso pa seva ya bungwe. Ndikuchenjezeni kuti mawu akuti RETAIL paokha si umboni wokwanira, chifukwa makiyi ena osayenera kugulitsidwa amaonekanso motero. Umboni wodalirika ndi lisiti lochokera kwa wogulitsa wodziwika, lokhala ndi dzina la kampani, adiresi yake ndi mtundu wa laisensi imene mwagula.

Mukapeza kuti anakugulitsani ya Volume, lemberani wogulitsayo kuti akubwezereni ndalama, ndipo akakana kadandauleni ku banki kapena ku kampani imene munalipirira, msanga nthawi yodandaulira isanathe. Kiyi ikatsekedwa mafayilo anu satayika. Chimene chimachitika ndi chakuti mawu akuti Activate Windows amabwerera pakona ya sikirini, ndipo simutha kusintha maonekedwe ena a kompyuta.

Funso: Ndaona makampani ena a ku Ulaya amene akugulitsa malaisensi ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo akulemba poyera kuti khothi linawaloleza. Kodi zimenezi ndi zoona, kapena ndi njira yokopera makasitomala chabe?

Yankho: Chigamulocho chilipodi. Pa 3 Julaye 2012, khothi lalikulu la European Union linagamula mlandu wa pakati pa kampani ya ku Germany yotchedwa UsedSoft ndi kampani ya Oracle, ndipo linanena kuti pulogalamu ikagulitsidwa koyamba m'mayiko a mgwirizanowo ndi laisensi yopanda malire a nthawi, wopanga pulogalamuyo sangaletse wogulayo kuigulitsanso. Koma khothilo linaika malire amene ogulitsa ambiri sawatchula. Mwini woyamba ayenera kusiyiratu kugwiritsa ntchito pulogalamuyo pa makina ake, ndipo laisensi imodzi yolola anthu angapo kugwiritsa ntchito pulogalamu sangaigawe n'kugulitsa mbali imene yamutsalira. Dziwaninso kuti chigamulochi ndi cha ku Ulaya. Ku United States, khothi la apilo linagamula mosiyana mu 2010 pa mlandu wa Vernor ndi Autodesk, ndipo dziko lililonse lili ndi malamulo ake a umwini wa ntchito zaluso.

Kampani yochita malondawa moona mtima imatha kukupatsani zikalata zosonyeza kumene laisensiyo inagulidwa poyamba ndiponso chikalata cha mwini wakale chotsimikiza kuti anaichotsa pa makina ake. Funsani zikalatazo musanalipire. Wogulitsa amene angokuyankhani ndi dzina la mlandu uja, koma osakuonetsani pepala ngakhale limodzi la laisensi imene akukugulitsaniyo, akubisala kumbuyo kwa chigamulo chimene mwina sichimukhudza n'komwe.

Funso: Ndinagula laputopu yakaunjika imene inabwera ndi Windows 10. Hard disk yake inafa, ndipo amene anandiikira yatsopano akuti ndiyenera kugula kiyi ina chifukwa yakale inapita ndi hard disk ija. Pansi pa laputopuyo palibe sitika ya kiyi. Kodi ndigule kuti yotchipa?

Yankho: Musagule kaye, chifukwa mwina laisensi muli nayo kale. Anthu ambiri amalipira kawiri pa chinthu chimodzi chifukwa chosadziwa mfundo imeneyi. Kale, mpaka nthawi ya Windows 7, kiyi inkalembedwa pa sitika imene inkamatidwa pansi pa laputopu kapena pambali pa bokosi la kompyuta. Kuyambira pa Windows 8, imene inatuluka mu 2012, makampani akuluakulu opanga makompyuta anayamba kulemba kiyi m'kati mwa motherboard (bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse za kompyuta), mu pulogalamu yake yoyambira imene imatchedwa BIOS kapena UEFI. N'chifukwa chake simukuona sitika ya kiyi. Kiyi yoteroyo siikhala pa hard disk, ndipo siifa hard disk ikafa.

Palinso chinthu china chimene chinayamba ndi Windows 10 mu 2015, chotchedwa digital licence. Kompyuta ikatsimikizidwa kamodzi, makina a Microsoft amasunga chizindikiro cha zipangizo zake, makamaka motherboard, kotero kuti mukaikanso Windows ya mtundu womwewo pa kompyuta yomweyo n'kulumikiza ku intaneti, imatsimikizika yokha popanda kulemba kiyi iliyonse. Kusintha hard disk sikusokoneza zimenezi.

Chimene muyenera kuchita ndi ichi. Pitani pa tsamba la Microsoft lenileni, tengani Windows kumeneko kwaulere pogwiritsa ntchito Media Creation Tool, ndipo muiike pa fulashi yosachepera 8 GB, imene mwachotsamo zinthu zanu zonse chifukwa idzafufutidwa. Poika Windows, kompyuta ikapeza kiyi mu motherboard siikufunsani chilichonse. Ikakufunsani, sankhani mawu akuti I don't have a product key, kenako sankhani mtundu umene unalipo kale. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa laputopu ikakhala kuti inabwera ndi Home, wokonza makompyuta n'kuikamo Pro poganiza kuti akukuchitirani zabwino, Windows imakana kutsimikizika, ndipo mwini wake amaganiza kuti laisensi yatayika pamene vuto ndi mtundu chabe. Zonse zikayenda bwino, lumikizani laisensiyo ku akaunti yanu ya Microsoft, chifukwa zimenezi zimathandiza mtsogolo mukadzasintha zipangizo zikuluzikulu.

Ngati laputopuyo ikukwanitsa zofunika za Windows 11, kukwera kuchoka pa Windows 10 yotsimikizidwa n'kwaulere. Koma njira yakale yogwiritsa ntchito makiyi a Windows 7 ndi 8 potsimikiza Windows yatsopano inatsekedwa mu Sepitembala 2023, choncho musalole kuti wina akugulitseni kiyi yakale ndi lonjezo limenelo. Kwa owerenga amene akuganiza zogula kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito, funsani ngati wogulitsayo ali m'gulu la Microsoft Authorized Refurbisher, pakuti makompyuta okonzedwanso ndi makampani amenewa amabwera ndi laisensi yovomerezeka. Ophunzira afunsenso ku koleji kwawo, chifukwa masukulu ena ali ndi mgwirizano wopereka Windows Education kwa ophunzira awo.

Funso: Kompyuta yanga ndi yakale ndipo ikukana Windows 11. Ndamva kuti Windows 10 yatha. Mphwanga akuti ali ndi kapulogalamu kamene kamatsimikiza Windows iliyonse kwaulere. Ndalama zogulira kompyuta ina ndilibe. Ndichite chiyani?

Yankho: Kapulogalamu ka mphwanuyo kakaneni, ngakhale kuti iye akufuna kukuthandizani. Mapulogalamu oterewa, monga KMSpico, amanamiza Windows kuti ili pa makina a bungwe lokhala ndi laisensi ya Volume, ndipo kumeneko ndi kuphwanya mfundo za laisensi. Choopsa kwambiri ndi chakuti kuti kagwire ntchito mumauzidwa kuti muzimitse antivirus ndi kukapatsa mphamvu zonse pa kompyuta yanu. Mu 2021 akatswiri a chitetezo cha makompyuta anapeza makope a KMSpico amene anabisamo vairasi yotchedwa CryptBot, yakuba mapasiwedi osungidwa mu browser ndi zinthu zina zachinsinsi. Ngati mumalowa mu akaunti yanu ya banki kapena imelo pa kompyuta imeneyo, zimene mungataye zikuposa kutali mtengo wa laisensi.

Windows 10 sinasiye kugwira ntchito. Chimene chinatha pa 14 Okutobala 2025 ndi thandizo la Microsoft, kutanthauza kuti mabowo atsopano a chitetezo akapezeka sakutsekedwanso kwa aliyense monga kale. Kampaniyo inakonza ndondomeko yotchedwa Extended Security Updates, imene inalonjeza kupatsa anthu wamba olembetsa zokonza za chitetezo kufikira pa 13 Okutobala 2026, koma imeneyi ndi yongowonjezera nthawi yokonzekera. Windows 11, imene inatuluka pa 5 Okutobala 2021, imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4 GB, malo osungira a 64 GB, ndiponso purosesa yatsopanoko, kawirikawiri ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita mtsogolo kapena AMD Ryzen 2000 kupita mtsogolo. Musanataye mtima, pemphani wodziwa kuti aone mu BIOS, chifukwa pa makompyuta ena TPM imakhalapo koma yozimitsidwa.

Ngati kompyutayo siikukwanitsadi, malangizo anga ndi akuti muyese Linux. Iyi ndi pulogalamu imene Linus Torvalds anayamba mu 1991, ndipo laisensi yake, ya GPL, imalola aliyense kuitenga, kuigwiritsa ntchito ndi kugawira ena popanda kulipira. Palibe kiyi, palibe kutsimikiza, ndipo palibe lamulo limene mukuphwanya. Linux ili ndi mitundu yambiri. Ubuntu, imene kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa inayamba kutulutsa mu 2004, imatulutsa mtundu wa LTS, wothandizidwa kwa nthawi yaitali, zaka ziwiri zilizonse m'mwezi wa Epulo, ndipo mtundu uliwonse umalandira zokonza za chitetezo kwaulere kwa zaka zisanu. Kwa munthu wozolowera Windows ndimakonda kutchula Linux Mint, chifukwa maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi amene anazolowera, ndipo imabwera ndi Firefox komanso LibreOffice, imene imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Ngati ntchito yanu yonse ndi ya pa intaneti, palinso ChromeOS Flex ya Google, nayonso yaulere.

Sindikubisirani kuti pali zovuta. Microsoft Office ndi Adobe Photoshop zoika pa kompyuta siziyenda pa Linux mwachindunji, makalata ena a Word okongoletsedwa kwambiri amasintha maonekedwe mu LibreOffice, ndipo mapurinta ena amavuta. Choncho musafufute Windows tsiku loyamba. Ikani Linux Mint pa fulashi, yatsani kompyuta kuchokera pa fulashiyo, ndipo idzayenda popanda kukhudza hard disk yanu. Yesani Wi-Fi, purinta, mawu ndi mafayilo amene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Mukakhutira, koperani zithunzi ndi makalata anu onse pa chosungira china, kenako muiike pa kompyutapo, ndipo mphwanu uja angakuthandizeni pa ntchito imeneyi.