Muvi wa kutentha ukusuntha, boost idikire kaye

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene ali ndi Subaru Impreza WRX yobwera kuchokera ku Japan. Akuti akufuna kuonjezera boost ya turbo (mphamvu imene turbo imakankhira mpweya mu injini), koma akamakwera mtunda wochokera ku Chikwawa kulowera ku Blantyre, muvi wa kutentha umasuntha pang'ono. Akufunsa ngati angangopitiriza.

Achimwene, dikirani kaye. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya petulo limathera m'madzi oziziritsa injini. Mukaonjezera boost mwasonkhezera moto, ndipo madzi amene akulephera kale pa mtunda sangapirire. Komanso muvi wa galimoto zambiri umakhala phee pakati ngakhale injini itayamba kutentha. Ukasuntha ndiye kuti zafika kale patali. Lumikizani kamakina ka OBD, kowerenga kompyuta ya galimoto, muone nambala yeniyeni ya kutentha.

Yambani m'mawa injini ili yozizira. Ilizeni, dzanja lili pa paipi yapansi ya rediyeta. Iyenera kukhala yozizira kwa mphindi zingapo, kenako n'kutentha mwadzidzidzi thermostat (kavalavu kolola madzi kuzungulira mu rediyeta) ikatseguka, nthawi zambiri cha pa madigiri 80. Ikamatentha pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, thermostat yakanirira chotsegula, kapena wina anaichotsa. Amakaniko ena amaitaya, ati kuno n'kotentha. Ine chizolowezi chimenechi chimandinyansa, chifukwa chimangobisa matenda.

Poti yanu imatentha pa mtunda osati pa mzere wa magalimoto m'tauni, fani sindikuikayikira kwambiri. Ndikukayikira kayendedwe ka madzi. Zimitsani injini itatentha, muyendetse chikhatho pafupi ndi rediyeta mosamala. Malo ozizira pakati pa otentha ndi timapaipi totsekeka ndi dzimbiri, makamaka ngati munkathiramo madzi a pamjigo. Madzi omwewo amadya mapiko a pampu, moti imazungulira koma osakankha kanthu. Yatsaninso heater. Ikamatulutsa mphepo yozizira injini ili yotentha, muli mpweya m'mapaipi kapena madzi achepa.

Chivindikiro cha rediyeta musachinyoze. Pamwamba pake pamalembedwa muyeso wa presha, monga 0.9 kapena 1.1 bar, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene imaletsa madzi kuwira msanga. Labala wake akang'ambika, madzi amathawira m'kabotolo ka pambali. Chonde osachitsegula injini ili yotentha.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi gasiketi ya hedi, imene imatseka pakati pa hedi ndi buloko ya injini. Yang'anani m'kabotolo kaja mutangomaliza kukwera mtunda. Mukaona timathovu tikubwera mosalekeza, pitani ku galaja akayese ndi mankhwala a buluu aja amene amasanduka achikasu akakumana ndi utsi wa mu injini. Akasintha mtundu, ndalama ya boost ija ipite ku gasiketi.

Zonsezi zikakhala bwino, kakwereni mtunda womwewo masana a mu Okutobala, OBD ili yolumikiza, ndipo mudzandilembere nambala imene mwaona pamwamba.